Mmene Tinakwezera Kalavani ya Agnesi ku Mzuzu

Ndinanyamuka ku Mbungo Lachiwiri kutangocha, nditavala jekete yanga ya ku Bulawayo, m'thumba muli chinangwa chophika ndi foni. Akazi anga anandiperekeza mpaka pa mlambe wa kumapeto kwa mudzi, ndipo njira yonseyo pakamwa pawo sipanatseke.

"Inu a Barnaba, galimoto munayamba mwayendetsapo liti?"

"Sindinayendetsepo."

"Nanga mukukasankha chiyani?"

"Injini," ndinatero. "Zaka makumi atatu ndakhala ndi injini pamadzi. Ya pamtunda ingandivute bwanji, pomwe ikazima munthu umangotsika n'kuponda pansi?"

Anangoti ndikapereke moni kwa mwana, n'kubwerera.

Amene mumakhala pachilumba pano mukundidziwa. Amene simundidziwa, ndine Barnaba wa ku Mbungo, uja akamalankhula m'tchalitchi safuna chokuzira mawu. Ndili mnyamata ndinagwira ntchito yophika ku Bulawayo zaka khumi ndi ziwiri. Nditabwerako ndinagula boti la matabwa ndi injini yake, n'kumanyamula anthu ndi katundu kupita ku Chizumulu ndi kutsidya ku Mozambiki. Sukulu ndinalekera sitandade 3. Cholembera chimandilemera kuposa nkhafi, koma nkhani iyi ndalemba ndekha, chifukwa ikadutsa pakamwa pa ena idzafika kwa inu itamera miyendo.

Chimene chinandinyamutsa ndi mwana wanga Agnesi, amene amakhala ku Mzuzu. Mwamuna wake anamwalira chaka chatha, n'kumusiyira ana atatu. Iye amakazinga nsomba ndi tchipisi m'mbali mwa msewu, pansi pa chipepala cha pulasitiki, ndipo mvula ya ku Mzuzu siyendera nyengo. Ikagwa moto umazima, mafuta amalowa madzi, tsikulo ana amagonera tiyi. Ndiye anamva kuti ku Nkhata Bay kuli kalavani yaing'ono, kanyumba ka matayala kokokedwa ndi galimoto, imene inatsalira pa malo ogona alendo amene anatsekedwa. Anaigula kuti isanduke khitchini yake, azipita nayo m'misika ya masiku. Chinatsala ndi galimoto yoikokera. Ndalama zake zinali zija anapatsidwa kuntchito kwa malemu mwamuna wake, zokwana galimoto imodzi yoyendapo kale, kamodzi kokha. Akanagula yolakwika, panalibenso pogwira. Pa foni anangoti, "Atate, bwerani mudzandimverere injini."

Ku Chipyela, kumene timakwerera sitima, ndinafika cha m'ma 7. Ndinamwa tiyi ndi mandasi awiri pamsika, n'kupita kukaona katundu wanga amene ndinatumiza dzulo lake pa boti la mnansi: matumba anayi a usipa wouma ndi awiri a ufa wa kondowole, zonse za Agnesi. Tikiti ya pansi m'sitima, kumene timakhala ife ndi matumba athu, inali K15,000, ndipo thumba lililonse analilipiritsa palokha ngati nalo likhala pa benchi.

Mphepo ya mwera inali kuwomba, koma ya ulemu. Pafupi nane panakhala mphunzitsi wina wa ku Yofu, wa magalasi, amene atamva za ulendo wanga anatulutsa foni n'kuyamba kundionetsa zithunzi za magalimoto.

"Agogo, masiku ano anthu akugula ya injini yaing'ono, ya otomatiki. Mafuta imangonunkhiza."

"Ikoka nyumba?"

"Nyumba yanji?"

"Ya matayala."

Anakanda m'mutu. Ndinamuuza kuti ku Bulawayo ndinaona abulu akukoka ngolo, ndipo amene ankadya pang'ono ndi amene ankagona panjira. Benchi yonse inaseka, ngakhale mayi wina wa ku Mozambiki amene anali atakumbatira beseni chifukwa cha mafunde.

Tinaima ku Chizumulu ola limodzi, ndipo ku Nkhata Bay tinakocheza cha m'ma 2 masana. Agnesi anali padoko. Wawonda mwanayo, koma maso ndi a mayi ake, osagwa pansi. Tinalemba munthu wa wilibala kuti atenge matumba, n'kukwera kamtunda kupita kumene kunali kalavani.

Inali kuseri kwa nyumba zotsekedwa, pansi pa mtengo wa mango. Kutalika kwake ngati thandala limodzi loyanikapo usipa, matayala awiri okha pakati, kutsogolo chitsulo chachitali chokolekera ku galimoto. Inali yoyera kale, tsopano yachita chikasu. Zenera la m'mbali limatsekukira m'mwamba, ndipo Agnesi anaima m'kati n'kutulutsa mutu pamenepo.

"Apa ndi pogulitsira, Atate. Chiwaya chikhala uku, gasi uku."

Ndinalowa kunsi chagada ndi mpeni wanga, n'kumabaya matabwa monga tichitira ndi boti. Anali olimba. Matayala anali atasinthidwa kale. Pa chitsulo cha kutsogolo panali kachipepala ka chitsulo kolembapo kulemera kwake, ndipo Agnesi anakopera manambalawo pa pepala, chifukwa anamuuza kuti buku la galimoto limanena katundu amene galimotoyo ingakoke. Ine tizilembo ta Chingerezi tating'onoting'ono sindilimbana nato. Ndinamusiyira iye.

Mlonda wa pamalopo, mkulu wina wa Chitonga dzina lake a Chirwa, anatilandira bwino koma sanabise mawu.

"Ada, malo ano agulidwa. Lolemba akubwera omanga. Likafika Loweruka madzulo ichi chili pano, tichikankhira kunja kwa mpanda. Ndipo kunjako mukukudziwa. M'mawa mudzapeza mafupa okha."

Tinatsekera matumba m'kalavanimo n'kupita pa siteji. Minibasi ya ku Mzuzu inali K6,000 munthu mmodzi. Ena anagona, ena anali pa foni, ine maso anali pamsewu. Msewu umenewu ukangochoka kunyanja umakwera, umatsikanso, umayenda chathyathyathya pang'ono cha ku Mpamba, kenako umayamba kukwera kosaleka, mokhotakhota ngati njoka yomenyedwa. Pa chitunda china minibasi inalira mpaka kondakitala anasiya nthabwala. Ndinagwira Agnesi pa phewa.

"Wapaona apa? Galimoto yako tidzaifunsira pano."

Ku Mzuzu tinalowa cha m'ma 5, kukuzizira ngati m'firiji ya bwana wanga wakale. Jekete inagwira ntchito.

Lachitatu m'mawa tinayamba kusaka. Anatitsogolera ndi dobadoba wina, munthu wa nsapato zosongoka, amene ntchito yake ndi kulumikiza wogula ndi wogulitsa n'kudyapo pakati. Tinamuuza kuti tikufuna saluni ya pakatikati, osati kanthu kakang'ono, osatinso chigalimoto cha mabwana chimene chingamwe phindu lonse la tchipisi.

Yoyamba inali m'tauni momwemo, ya mtundu wa siliva, yonyezimira mpaka ndinadziona ndevu pa chitseko.

"Madala, iyi yangotsika kumene. Fumbi la Malawi siinalidziwe."

"Lidziwa posachedwa. Tsekulani kutsogolo."

Injini yake inali kanthu koti ndikanakanyamula pa phewa kupita nako kugombe. Ndinazungulira kumbuyo, ndinakhala pa buti, n'kuitana dobadoba ndi mwini galimoto kuti akhale nane. Anayang'anana, koma anakhala. Galimoto inagwada mpaka tayala linabisala. Agnesi anatsekula buku lake, anafunafuna, n'kupukusa mutu. Zimene inaloledwa kukoka zinali zochepa kuposa kalavani yopanda kanthu m'kati. Tinathokoza n'kuchoka.

Yachiwiri inali ku Luwinga, yofiira, injini yaikulu, ndipo kumbuyo inali nacho kale chitsulo chokokera. Agnesi maso anawala. Ine ndinayamba ndaika dzanja pa boneti. Panali potentha, pomwe nthawi inali isanakwane 11.

"Mwaiwothetsa moto chifukwa chiyani?"

"Timangoitenthetsa kuti mukafika muipeze yokonzeka," anatero mwini wake.

Mverani, anzanga. Injini imanena zoona ikangodzuka kumene. Wogulitsa akaidzutsa inu musanafike, pali chimene sakufuna kuti mumve. Ndinatsekula chitsekero cha oyilo, ndipo kunsi kwake kunali zoyererako ngati tiyi wamkaka. Madzi akulowa m'mene sayenera kulowa. Injini yotere pa chigwa imayenda, pa chitunda imawira. Ndinapita kumbuyo, ndinaponda chitsulo chokokera chija ndi phazi limodzi, chinagwedera. Nditasuzumira kunsi ndinapeza kuti anangochiwotcherera pa lata la buti, osati pa mafupa a galimoto.

Dobadoba anatopa nane. "Madala, kodi mukusankha galimoto kapena mkazi?"

"Mkazi ndinasankha kamodzi, ndipo zaka makumi anayi ndi zisanu akuyendabe bwino. Iwe uli ndi wachingati?"

Amakaniko amene anali pafupi anagwa nako kuseka. Dobadoba anati ali ndi kasitomala wina, ndipo sitinamuonenso.

Masana tinadya mbalagha pamsika, nthochi zophika ndi nyama ya ng'ombe. Ine ndinamaliza mbale yanga. Agnesi anangotokosa.

"Atate, yofiira ija akanatsitsa mtengo."

"Akanatsitsa. Ndipo iwe ikanakutsitsa pa chitunda chija, kalavani ili kumbuyo, ikukukokera kuphompho."

"Kwatsala mawa ndi mkuja basi."

"Ndikudziwa kuwerenga masiku, mwana wanga. Idya."

Sindiname, masikuwo nanenso ankandidetsa nkhawa. Koma tate akayamba kuonetsa mantha, mwana agwira chiyani?

Lachinayi thandizo linachokera kwa amayi a kutchalitchi kwa Agnesi. Mmodzi anati ku Katoto kuli mayi wina wopuma pantchito ya zaulimi, a NyaGondwe, amene akugulitsa galimoto yawo chifukwa mawondo awakana. Tinafika 7 isanakwane, dala, osawaimbira. Tinawapeza akuthirira mpiru, mayi wamfupi wa imvi, wovala chijuzi ndi magambuti.

Galimotoyo kukongola inasiyira anzake. Penti ya padenga inasupuka, chitseko cha kumbuyo chinali chophwanyika pang'ono, wailesi munalibe. Koma pa boneti panali mame, ndipo pansi pake panali pouma, popanda dontho la oyilo. Agnesi anapotokola kiyi, inadzuka kamodzi. Ndinaika mpango wanga woyera pa ekizozi, unabwerako woyera. Ndinatenga ndodo, mbali ina pa injini mbali ina pa khutu, ndipo m'katimo zonse zinali kuyenda mwa dongosolo ngati kwaya ya pa Pasaka. Inali ya magiya a pamanja, injini ya malita awiri. Chitsulo chokokera chinamangidwa ndi mabawuti akuluakulu pa mafupa enieni a galimoto, ndipo pambali pake panali polumikizira magetsi a ngolo.

"Ndinkakokera ngolo ya mbatata ya kachewere," anatero a NyaGondwe. "Zaka zisanu ndi chimodzi. Siinandisiyepo panjira."

Agnesi anayerekeza pepala lake ndi buku la galimoto, ndipo ulendo uno anamwetulira. Mapepala a umwini nawo anali bwino. Anayamba kutsekula chikwama chake, ine ndinamugwira dzanja.

"Mayi, mundikhululukire. Kwathu boti sitigulira pa mchenga. Timalidzaza katundu, timalitulutsa kunja kumene kuli mafunde, likabwerako ndiye timakamba za mtengo. Galimoto iyi ikatenge kalavani ku Nkhata Bay, ifike nayo pano. Ikafika, ndi yathu."

A NyaGondwe anandiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku chipewa.

"Mafuta athira ndani, adada?"

"Ife."

"Ndipita nanu. Ndipo mukamalankhula tsitsaniko mawu, ndili pompano."

Lachisanu tinanyamuka ku Mzuzu 7 koloko, Agnesi pa chiwongolero, a NyaGondwe pambali pake, ine kumbuyo ngati nduna. Agnesi anaphunzira kuyendetsa kwa malemu mwamuna wake, ndipo amayendetsa mofatsa. Kutsika kunali kosavuta. Pa Mpamba tinagula nthochi zakupsa, ndipo 9 isanakwane tinali pa mtengo wa mango uja.

Waya wa magetsi a kalavani anali atadyedwa ndi makoswe, choncho amayi awiriwo anatsikira kumsika kukafuna wina. Ndinawauza kuti za kupakira asiyire ine. Ndani pa anthu atatufe anapakirapo katundu zaka makumi atatu?

Tsopano apa mumvetsetse, inu a pamtunda. Boti likamapita kukakumana ndi mafunde, katundu wolemera timaika kumbuyo, kufupi ndi injini, kuti mutu ukhale wopepuka uzikwera funde m'malo molibowola. Mwana aliyense wa ku Mbungo amadziwa zimenezi asanadziwe Atate Wathu. Ndiye ine ndi a Chirwa tinatenga matumba asanu ndi limodzi aja, botolo la gasi, chiwaya chachitsulo ndi mbaula yake zimene tinabwera nazo kuchokera ku Mzuzu, zonse tinakankhira kumbuyo kwenikweni kwa kalavani. Ndinaona kuti katunduyo sanakwane amene Agnesi azidzanyamula tsiku la msika, ndi madzi ndi mbatata ndi mafuta. Boti timaliyesa ndi miyala. Tinatola miyala isanu ndi itatu, uliwonse ngati mutu wa ng'ombe, n'kuisanja bwinobwino kumbuyo komweko.

Nditamaliza ndinapita kutsogolo, ndinakweza chitsulo chokolekera ndi dzanja limodzi. Chinabwera chokha ngati chikundipatsa moni.

"Mwaona, a Chirwa? Galimoto siimva n'komwe kuti yanyamula kanthu."

"Ada, ntchito mumaidziwa," anatero a Chirwa.

Tinakoleka, ndinatseka chitseko cha kalavani ndi loko, kiyi m'thumba. Amayi aja atabwera analumikiza magetsi, tinaona kuti akuyaka, ndipo 11 koloko tinatsanzikana ndi a Chirwa.

Chitunda choyamba chotuluka m'tauni galimoto inakwera osadandaula. Ndinayamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi. Titafika pamwamba msewu unayamba kutsika, liwiro linakwera pang'ono, ndipo ndinamva kumbuyo kwa galimoto kukupepuka pansi panga, monga boti limachitira funde likalinyamula. Kenako lole ya matabwa inatidutsa kuchokera kutsogolo ndi mphepo yake. Ndinacheuka. Kalavani inapita kumanja, inabwerera kumanzere, inapitanso kumanja mopitirira, ngati mchira wa kampango ali pa mbedza. Galimoto yonse inayamba kuvina nayo. Matayala analira.

"Usaponde buleki," anatero a NyaGondwe, mawu ali pansipansi. "Chotsa phazi pa mafuta. Chiwongolero gwira chowongoka. Usalimbane nayo. Choncho. Choncho."

Sindidziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Kuvina kunachepa, kunachepa, mpaka Agnesi anaimika m'mbali mwa msewu, pafupi ndi amayi ogulitsa chinangwa, amene anali atathawira kale m'munda n'kusiya mabeseni awo.

Ndinatuluka woyamba, ndipo ndinalankhula monga ndilankhulira.

"Galimoto iyi ndi yopepuka! Singagwire kalavani. Ikanatipha. Mayi, tengani galimoto yanu, ife sitigula."

Agnesi anali akadali pa mpando, manja ali pa chiwongolero. Sanandiyang'ane.

"Atate, mawa ndi Loweruka."

Anangonena zomwezo. Galimoto ina yoti tikaione kunalibe, nthawi yoti tiifune kunalibe, ndipo kalavani inali pamsewu, kutali ndi mpanda wa a Chirwa, kutalinso ndi Mzuzu.

A NyaGondwe anatsika pang'onopang'ono ndi mawondo awo aja, anaika miyala ku matayala a kalavani, n'kupita pa cholumikizira. Atangomasula, chitsulo chija chinadumpha chokha m'mwamba, kumbuyo kwa kalavani n'kugunda pansi. Anaima n'kuchiyang'ana.

"Kiyi, adada."

Ndinawapatsa. Anatsekula chitseko, anasuzumira, ndipo anakhala nthawi ali chisuzumire.

"Wapakira ndani umu?"

"Ine," ndinatero, ndipo ndinanena monyada, chifukwa kupakirako kunali kwaudongo.

"Miyala iyi ndi ya chiyani?"

Ndinawafotokozera zonse, za mafunde, za mutu wopepuka, za kuyesa boti. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Amayi a chinangwa aja anali atabwerera, nawonso akumvetsera.

"Adada, boti lanu injini imakhala kuti?"

"Kumbuyo."

"Ndiye imalikankha. Ichi injini yake ili kutsogolo, ikuchikoka ndi mphuno. Mphuno ikapepuka imanyamula matako a galimoto, matayala a kumbuyo sagwira pansi, mchira ndiye umalamula. Katundu wolemera amakhala pamwamba pa matayala, pansipansi, ndi pang'ono kutsogolo, kuti mphuno itsamire galimoto. Galimoto yanga ilibe mlandu."

Ndinayang'ana chitsulo chili m'mwamba chija. Ndinayang'ana miyala yanga. Munthu wa injini safuna kuuzidwa kawiri chinthu chimene maso ake akuona. Ndinavula chipewa.

"Agnesi, tuluka umve. Inunso amayi a chinangwa, imvani, popeza munamva zoyamba zija. Galimoto iyi ndinainamizira. Wolakwa ndine. Ndapakira boti pamsewu."

Mmodzi wa amayiwo anaseka mpaka anakhala pansi. Agnesi anatuluka, anapukuta m'maso ndi chitenje, ndipo naye kuseka kunamupeza pakati pa misozi.

"Titaye miyalayi," anatero Agnesi.

"Ayi. Miyala ikhala. Ndalakwitsa poika, sindinalakwitse kuitenga. Galimoto iyenera kufunsidwa ndi katundu wathunthu."

A NyaGondwe anagwedeza mutu. "Apo mwanena zoona, adada. Ikhale, koma ikhale pa matayala."

Ndinavula jekete. Tinatulutsa zonse n'kuyambanso, iwo akuloza ndi chala, ine ndi Agnesi tikunyamula. Miyala ndi chiwaya pakati, pamwamba penipeni pa matayala. Ufa ndi gasi kutsogolo pang'ono. Usipa, popeza ndi wopepuka, tinaugawa uku ndi uku. Zomanga ndinamanga ine, ndi mfundo za pa boti, ndipo a NyaGondwe atayesa kugwedeza chiwaya anati mfundo zotere sanazionepo. Kenako anandiuza kuti ndikweze mphuno. Inafuna manja awiri ndi kubuula pang'ono.

"Imeneyo ndiyo sikelo yake," anatero. "Ikamabwera ndi dzanja limodzi, musanyamuke."

Tinagula chinangwa chokazinga kwa amayi aja, kupepesa kuti tinawathamangitsa, ndipo 1 koloko tinanyamukanso.

Agnesi anayamba pang'onopang'ono ngati akuyenda pa mazira. Pa chigwa cha ku Mpamba a NyaGondwe anamuuza kuti awonjezere. Ine ndinakhala chocheuka, khosi mpaka kuwawa. Basi yaikulu inatidutsa. Kalavani inangogwedeza phewa kamodzi n'kubwerera pamzere, ikutitsata ngati mbuzi yozolowera chingwe.

Kenako zitunda zinayamba. Giya yachitatu, yachiwiri. Injini inakweza mawu, koma anali mawu a munthu wogwira ntchito, osati wolira. Maso anga anali pa kamuvi kosonyeza kutentha. Kanakwera kufika pakati, kanaima pomwepo. Ndinatsitsa galasi kuti ndinunkhize ngati kilatchi ikupsa, ndinangomva fungo la mitengo ndi dothi lonyowa. Titafika pa chitunda chija minibasi inalirira, ndinagwira mpando wa Agnesi.

"Ima apa."

"Pano, Atate? Pakati pa chitunda?"

"Tsiku lina idzakuimitsa ng'ombe kapena wapolisi, ine kulibe. Ima."

Anayang'ana a NyaGondwe, iwo anangoti, "Amvere." Anapatukira m'mbali, anaima, anakoka buleki ya pamanja. Kumbuyo kwathu msewu unali kutsetsereka mpaka pa kona, ndipo kuseri kwa konayo kunali phompho. Tinamva kalavani ikukoka pang'ono, buleki inagwira. Agnesi anapuma kawiri, analowetsa giya yoyamba, anapatsa mafuta, anamasula. Galimoto inanjenjemera kamodzi, n'kuyamba kukwera, miyala yanga isanu ndi itatu ikubwera pambuyo.

Tinakwera mpaka pamwamba. Pamenepo a NyaGondwe anasenda nthochi n'kupatsa Agnesi pakamwa, popeza manja ake anali pa ntchito.

Ku Mzuzu tinalowa cha m'ma 3, mvula yowaza itayamba. Anthu a kabaza anali kutiloza. Pa nyumba ya Agnesi ku Chibavi zidzukulu zanga zinatuluka ndi ana a mzere wonse. Ndinauza Agnesi kuti asazimitse. Ndinatsekula boneti, ndinamvetsera, ndinasuzumira pansi. Panalibe chowira, panalibe chodontha. Ndinagwira chitsulo chokokera, chinali monga tinachisiyira m'mawa.

"Mwana wanga, alipire mayiwa. Ndipo usawapemphe kuti atsitse."

Iwo analowa m'nyumba kukamaliza za mapepala. Ine ndinatsala panja kutulutsa miyala. Nditatulutsa womaliza, Agnesi anabwera, analowa m'kalavani yekha n'kutseka chitseko. Mvula inali itakula. Patapita kanthawi zenera lija linatsekukira m'mwamba, iye ataima m'kati, wouma kuyambira ku mpango mpaka ku phazi, akuyang'ana madzi akutsika m'mphepete mwa denga.

"Lolemba ndiyamba," anatero.

Tsopano inu anzanga a ku Mbungo, ku Yofu ndi ku Chipyela, amene ana anu ali kumtunda ndipo tsiku lina adzakuitanani monga anandiitanira ine, tengani izi. Nzeru zathu za pamadzi n'zoona, musazisiye padoko. Injini imvereni ikadali yozizira, suzumirani kunsi, ndipo musalipire chinthu chisanasenze katundu wake pa malo ovuta. Zimenezi zinapulumutsa mwana wanga ku magalimoto awiri oipa. Koma chokankhidwa ndi chokokedwa sizipakiridwa mofanana, ndipo pa chimenechi ndinatsala pang'ono kumutayitsa galimoto yabwino, ndi moyo womwe. Ndinaphunzira ndili ndi zaka 70, pamaso pa amayi ogulitsa chinangwa, kwa mayi wovala magambuti. Ndanena ndekha, ndipo ndalemba ndekha. Amene akufuna kundiseka abwere ku Mbungo adzandisekere pakhonde panga, koma abwere atakwezapo kalavani ku Mzuzu.